Matope a m'Kamgolo ka a Ngozo

Amene ankadutsa njira yopita kumsika wa Mlangeni chaka chimenecho ankamva kaphokoso kachilendo pakhonde la a Yoramu Ngozo. Sikanali ka chigayo, sikanalinso ka makina osokera. Kankangoti gudugudu, gudugudu, monga umachitira mtsinje ukamagubuduza miyala pansi pa madzi. Kankachokera m'kamgolo ka labala, kukula kwake ngati chitini cha mkaka waufa, kamene kamota ka magetsi kankakazunguza usana wonse. M'kamgolomo munkaikidwa timiyala, madzi ndi mchenga wakuda wolimba kuposa mwala, kuti zizikhulana mpaka timiyalato titasalala.

Kachipangizoka kanachokera ku Joni. Mwana wawo Sibongile, amene amagwira ntchito m'nyumba ya anthu kumeneko, anakapempha mwana wa abwana ake atatopa nako, chifukwa anakumbukira bambo ake. Chibwerereni ku migodi kumene anathera unyamata wawo, a Ngozo sankadutsa mwala osauyang'ana kawiri. M'chilimwe ankatola timiyala toyera ndi tofiirira m'munda wa mbatatesi, n'kumatisunga m'zitini pawindo. Sibongile anatumiza kamgoloko pa basi, pamodzi ndi timabotolo ta mchenga uja, woyamba wokhakhala ngati mchere wa pamsika, womaliza wosalala ngati ufa woyera.

Koma a Ngozo anali ndi khalidwe limodzi limene mudzi wonse unkalidziwa: sankakhudza matope. Anthu ankati ndi matama a machona, poona mmene ankapukutira nsapato ngakhale popita kukhola, ndi magolovesi amene ankavala akamagwira chilichonse chonyowa. Odziwa zoona anali awiri okha. Woyamba anali mkazi wawo, mayi Enelesi, amene iwo ankawaitana ndi mfunda wawo kuti Nankhoma. Wachiwiri anali a Fyson, mnzawo amene anakwera naye ndege ya Theba popita ku migodi. Tsiku lina pansi pa mgodi khoma linabooka, ndipo matope otuwa anasefukira m'njira imene ankakumbamo. Anzawo anawazula a Ngozo atamira mpaka pachifuwa. Mnyamata amene anali pambali pawo sanapezeke. Kuyambira pamenepo thope likangowagwira pakhungu mpweya unkawathera. Choncho ntchito zonse zonyowa za pakhomo, kuzira, kuchapa, kupalira mvula itagwa, Nankhoma anazisenza okha zaka zonsezi. Sankadandaula. Anzawo akawafunsa ankangoseka n'kunena kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi mphaka."

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawapeza Nankhoma pabwalo akusankha mbewu ya mbatatesi, n'kuwagwetsera chammbali ngati phesi. Kuchipatala cha kuboma anagona osadziwa kanthu, madokotala akungogwedeza mitu. A Ngozo anapita ku Nzama, m'tchalitchi momwe anamangira ukwati wawo, n'kugwada mpaka mawondo kuchita dzanzi.

"Ambuye, ndibwezereni mkazi wanga. Ngakhale asayende, ngakhale asalankhule, bola ndizimuona pakhomo."

Ndipo Mwini moyo, amene samvera pemphero ndi khutu limodzi, anawabwezera monga momwe anapemphera. Nankhoma anabwera kunyumba dzanja lamanja litapindika ngati tsamba lofota, mwendo ukukwakwaza, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madontho a padenga.

Wowasamalira anali mng'ono wawo Tisungane, mlimi wa mpunga wa ku Bwanje, mayi wa mikono yolimba ndi lilime losazungulira. A Ngozo nawonso sankangokhala. Ankagula sopo ndi shuga, kuwaza nkhuni, kukhala pambali pa mphasa n'kumawerengera mkazi wawo Mawu a Mulungu mpaka atagona. Koma beseni likangotuluka, iwo ankapezeka ali kukhola.

Tisungane anaziona zimenezi kwa kanthawi, ndipo tsiku lina anaimika ntchito n'kuima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Alamu, ndikuuzeni dzuwa likadali pamutu. Mvula ikangogwa ine ndikupita kukawokera mpunga. Akulu angawa ndiwasiya m'manja mwa yani?"

"M'manja mwanga, nanga mwa yaninso?"

"Manja ake ati? Awa ovala magolovesiwa? Munthu wodwala si wailesi yoti muzingoipukuta fumbi. Amafuna kusambitsidwa, kuperekezedwa kuchimbudzi, zitenje zake kuchapidwa. Mukalephera ndinyamuka nawo. Ku Bwanje kumatentha, koma kuli manja."

Alongo ake a Nankhoma, eni mbumba, anali atavomereza kale maganizo amenewa. Ndipo a Ngozo ankadziwa kuti munthu wodwala chotere akatsikira kuchigwa, kubwerera kumtunda sikukhala kwapafupi.

Apa m'pamene anatembenukira ku kamgolo kaja. Mlangizi wa kuchipatala anali atanena kuti dzanja lopuwalalo lizipatsidwa kanthu kosalala koti lizifumbata ndi kugubuduza, kuti zala zikumbukire ntchito yake. A Ngozo anawerengera motere mumtima mwawo: timiyala tikasalala dzanja lidzuka, dzanja likadzuka Nankhoma azisamba okha, ndipo Tisungane adzasowa chifukwa chowatengera. Anasankha timiyala tabwino kwambiri ta m'munda wa mkazi wawo yemwe, n'kuthira madzi ndi mchenga wokhakhala, n'kutseka, n'kuyatsa.

Kutacha kawiri, mtima sunawalole kudikira. Anatsegula chivundikiro kuti aone mmene zikuyendera. Madzi oyera aja munalibe. Munali matope otuwa, oterera, atamata timiyala tonse mpaka kusaoneka. Kafungo kake kanali ka mwala wonyowa, kamene mphuno zawo zinali zisanakaiwale. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mzati wa khonde.

Atapezako mpweya anadziuza kuti makinawo adetsedwa, ndipo chodetsedwa chimafuna kutsuka. Anavala magolovesi, n'kunyamula kamgoloko atakatalikitsa ndi thupi lawo, n'kupita kubafa. Bafa limeneli linali kunyada kwawo: la njerwa, pansi pa simenti, ndi paipi yotulutsira madzi kudzenje la kuseri. Anakhuthulira matopewo pakamwa pa paipi, n'kutsukuluza timiyala mpaka titayera, n'kuthiranso madzi abwino ndi mchenga watsopano. Mawa lake anapezanso matope, natsukanso. Zinasanduka mwambo wa m'mawa uliwonse, ngati kusukusula.

Sibongile ataimba foni anawachenjeza. "Bambo, musamatsegule pafupipafupi. Amati muzingokasiya kazungulire mlungu wathunthu." Iwo anayankha kuti aona, n'kufunsa za nyengo ya ku Joni.

A Fyson anawapeza m'mawa wina akuchokera kubafa, kamgolo kakudontha madzi. Iwowa ku mgodi ankagwira ntchito pamwamba, kuchigayo chophwanya miyala. Anasuzumira m'kamgolomo, n'kutola kamwala kamodzi, n'kukayendetsa chala m'mphepete.

"Madala, mukutaya ndiwo n'kusunga mbale."

"Mukutanthauzanji?"

"Matope mukutayawo ndiwo mano a makinawa. Mchenga uja ukasakanikirana ndi fumbi la mwala umamatirira pa timiyala, ndiye m'pamene umadya bwino. M'madzi oyera umangokhala pansi ngati mlendo. Akalimba kwambiri, ngati phala logona, miyala imaleka kugubuduka, mumva phokoso likusintha. Pamenepo mumangothirako timadzi. Koma akakhala ngati thobwa, asiyeni. Nanga mukumataya kuti?"

"Kubafa."

"Kubafa? Fumbi la mwala likauma ndi simenti, madala. Kumbani kadzenje kuseri kwa khola."

A Ngozo anavula magolovesi pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Inu munali pamwamba, a Fyson, mukuwotha dzuwa la azungu. Matope mumawadziwa ndi maso. Ine ndimawadziwa m'kamwa."

Pali mabala ena amene bwenzi limawadziwa malo ake, n'kuopa kupondapo. A Fyson anamwa tiyi wawo, n'kukamba za mtengo wa feteleza, n'kutsazika.

Masiku anapita, mchenga wokhakhala m'botolo ukutsika ngati madzi a pachitsime m'mwezi wa Okutobala, koma timiyala tinali tikadali ndi mano. A Ngozo ankatiyang'ana padzuwa tili tonyowa n'kudzinyenga kuti tasintha. Madzulo ena anasankha kamene kankaoneka bwino kuposa tonse, kofiirira ngati mkati mwa gwafa, n'kukaika m'chikhatho cha mkazi wawo, n'kupinda zala zija pamwamba pake.

"Ka m'munda mwanu aka, Nankhoma. Kuja kumapeto, pafupi ndi mtengo wa pichesi."

Nankhoma anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Zikomo... a Ngozo."

Anakafumbata madzulo onse. Dzanja limenelo silinkamva kuwawa, choncho sanadziwe kanthu. Tisungane ndiye anapeza magazi pa chitenje pobwera kudzawadyetsa. Anatuluka kamwalako kali m'manja.

"Alamu, mwawapatsa lumo? Mukufuna kuwachiritsa kapena kuwatema mphini?"

A Ngozo anakalandira. M'mawa mwake anatsukanso kamgolo kaja mwamphamvu kuposa kale, poganiza kuti mwina sankatsuka mokwanira. Mtima wa munthu ukasankha njira yake umatha kuona phompho n'kulitcha chidule.

Madzi a kubafa anayamba kuchedwa kutuluka. Tisungane anadandaula, ndipo a Ngozo anatokosa paipi ndi waya, n'kumva wayayo ikugunda cholimba. Anati mwina ndi masamba, akonza mawa. Nthawi yomweyo mitambo inali itayamba kuunjikana kumbali ya ku Mozambique. Kumphakati, akhristu atasonkhana kupempherera mvula, aliyense anayankha Amen ndi mtima wonse, kupatula a Ngozo. Mudzi wonse unkayang'ana kumwamba ndi chiyembekezo, iwo okha ankayang'anako ndi mantha.

Mvula inagwa masana ena, yamphamvu, yonunkhiritsa dothi. Ana anatuluka kukavina m'madontho. Tisungane anatulutsa chikwama n'kuyamba kupinda zitenje za akulu ake, Nankhoma akuyang'ana ali pamphasa. Itakata pang'ono, Tisungane anaika ndowa ya madzi ofunda kubafa.

"Ndikufika kumsewu ndikapangane ndi wagalimoto wotitsitsira ku Bwanje. Ndikabwera ndidzakusambitsani. Musasunthe."

A Ngozo anali pakhonde, akuphimba kamota ndi pepala la pulasitiki kuti kasanyowe. Sanaone pamene mkazi wawo anakwawira kukhoma, n'kudzikoka mpaka kuimirira, n'kutenga ndodo, n'kutulukira khomo la kuseri. Chimene anamva ndi kugwa kwa ndowa. Kenako mawu, osakuwa, ongoitana.

"Yoramu."

Pa zaka zonse za ukwati wawo Nankhoma anali asanatchulepo dzina limeneli. Mkazi woleredwa bwino kumtunda kuno satchula mwamuna wake dzina ngati mwana. A Ngozo analimva ngati belu.

Atafika pakhomo la bafa anaima. Madzi a mvula, posowa potulukira, anali atadzaza pansi ponse, n'kusungunula matope amene iwo anakhuthula m'mawa womwewo. Nankhoma anali atagona chammbali m'menemo, tsaya lili m'thope, dzanja lamoyo likufufuza pogwira. Mtundu wa matopewo unali womwe uja. A Ngozo anamva chifuwa chikufinyika monga chinachitira pansi pa nthaka, ndipo makutu awo anadzaza phokoso la anthu amene anasiya kufuula kalekale.

Sitikudziwa chimene anapemphera pakhomo limenelo, kaya anapemphera n'komwe. Chimene chikudziwika n'chakuti analowa ndi nsapato zawo zopukuta zija, n'kugwada m'matopemo, n'kulowetsa manja opanda magolovesi pansi pa mutu wa mkazi wawo.

"Mwavulala pati, Nankhoma?"

"M'chiuno." Anapuma. "Ndimafuna... Tisungane aone... kuti ndimatha."

"Kuti musapite?"

Anagwedeza mutu. "Inu... mungatsale... ndi yani?"

Munthu amene sankatha kunyamula supuni anali atayenda bwalo lonse pa mwendo umodzi chifukwa chodera nkhawa iwo. A Ngozo anawakweza pachifuwa, matope akuyenderera m'mikono, kulowa m'malaya, kufika pakhosi. Nankhoma anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo kupepuka kumeneko kunawapweteka a Ngozo kuposa kulemera kulikonse.

M'nyumba anawakhazika pampando, n'kusonkha moto, n'kutereka madzi ena. Anatenga beseni lija ankalithawa. Kuti mpweya ubwerere m'malo anayamba kung'ung'udza nyimbo imene kwaya inaimba tsiku la ukwati wawo. Sankadziwa poyambira. Sopo analowa m'maso mwa wodwalayo.

"Mukundichapa... ngati bulangete."

"Pepani. Ndine wophunzira."

"Wophunzira... wa imvi."

Anaseka onse awiri, kuseka kosakanikirana ndi misozi. Ndipo pamene ankatsuka thope kumsana, m'khosi ndi m'mapazi, a Ngozo anaona zinthu zimene anakhala nazo nyumba imodzi osaziona. Anaona zidendene zong'ambika ngati dambo la m'chilimwe, chipsera cha khasu pamsongolo chimene sankadziwa kuti chinabwera liti, mapewa opendekeka ndi ndowa za zaka makumi. Limeneli ndilo thupi limene linawaimira pakati pa iwo ndi matope moyo wawo wonse. Analisambitsa mwaulemu, monga munthu amagwirira ziwiya za paguwa. Nankhoma anayamba kuthandiza nyimbo ija ndi theka la pakamwa, mawu osamveka, koma mayimbidwe ake osaphonya.

Tisungane pobwera anapeza alamu ake atawerama pabwalo, mvula yowaza ikuwagwera pamsana, akuchapa chitenje chodzaza matope. Malaya awo anali otuwa mpaka m'khosi. Anaima kanthawi, n'kuthamangira m'nyumba. Atatuluka nkhope yake inali ngati mtambo.

"Chiuno chatupa. Ndani anatseka paipi ija?"

"Ndine, alamu."

"Ndi timiyala tanu tija?"

"Ndi matope ake. Anandiuza a Fyson, anandiuzanso mwana. Sindinamve."

Tisungane anali atakonzekera mkangano, ndipo kuvomera kumeneku kunamulanda zida. Anayang'ana manja awo ali m'beseni.

"Mwawasambitsa ndinu?"

"Ndine."

"Zaoneka. Sopo mwasiya kuseri kwa makutu." Anakhala pa mtondo, n'kupukusa mutu. "Musaganize kuti mwandigula. Tsiku limodzi si umboni. Ngakhale nkhuku imasambira ikagwera m'chitsime."

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma mnofu unavulala kwambiri. Mayendedwe onse amene Nankhoma anawapeza movutikira chibwerereni kunyumba anatayika, ndipo anabwerera pamphasa kukayambiranso. Umenewu unali mtengo wa kuuma mutu kwa a Ngozo, ndipo anaulipira ndi munthu amene sanalakwe. Iwo ankadziwa zimenezi, ndipo palibe anafunika kuwakumbutsa.

Tisungane anatumiza mawu kwa wagalimoto kuti adikire kaye. Anzake ku Bwanje anali atayamba kuwokera, mbande zake zikukulira pa nazale, koma anati sachoka asanaone ndi maso ake. Anasanduka mphunzitsi wopanda chifundo. Anawaonetsa alamu ake pogwira pomudzutsa wodwala kuti phewa lopuwala lisaguluke, kamutembenuzidwe kuti msana usachite zilonda, kupukuta pakati pa zala zopindika. Tsiku loyamba kutaya chitini cha pansi pa bedi, a Ngozo anakafika kuseri kwa nkhokwe n'kusanza. Tisungane anawamva. Anangoyang'ana ngati abwerera. Anabwerera, atatsuka chitinicho, n'kufunsa kuti chimakhala mbali iti.

A Fyson anabwera ndi tchizulo ndi hamala. Anakumba paipi ija n'kuipeza itadzaza chinthu chotuwa, cholimba, chooneka ngati mwala woumbidwa mwadala. Anagogodapo ndi hamala, chinalira ngati chitsulo.

"Mwapanga mwala wabwino, madala. Uwu ndiye tiuike m'makina."

"Sekani, a Fyson. Mwapeza pondigwira."

"Sindikuseka." Anaika hamala pansi. "Tsiku lija ndinali nawo pokoka chingwe. Ndikudziwa chimene munalowamo m'bafa umu."

Anagwira ntchito yotsalayo, ndipo pomaliza onse awiri anali otuwa mpaka m'zigongono.

Galimoto inabwera m'mawa wina chifunga chisanachoke m'mapiri. Tisungane anatulutsa zitenje za akulu ake m'chikwama chija, n'kuzibwezera m'sutikesi ya pansi pa bedi, n'kulongedzamo zake zokha. Anagwada pambali pa mphasa, iye ndi akulu ake n'kugwirana manja kwa nthawi. Pakhomo anatembenukira a Ngozo.

"Mpunga wanga wachedwa chifukwa cha inu. Chaka chino mundipatsa thumba la mbatatesi."

"Awiri, alamu."

"Ndipo ndikangomva kuti mwavalanso magolovesi, ndibwera ndi ngolo. Sindidzafunsanso munthu."

"Wawa."

Galimoto itazimiririka, nyumba inakhala chete moti a Ngozo anachita mantha. Kenako kuchipinda kunamveka mawu aja otuluka limodzilimodzi, akufunsa ngati pakhomo pano anthu amamwa tiyi kapena ayi.

M'botolo la mchenga wokhakhala munali mutatsala wongokwanira ulendo umodzi. A Ngozo anauthira wonse, n'kutseka kamgolo, n'kukasiya. Anaphunzira kumvetsera ndi khutu. Phokoso likamveka lofewa, ngati anthu akukambirana m'chipinda china, ankadziwa kuti zili bwino. Tsiku lina linasanduka lolemera, logunda mwa apo ndi apo. Anatsegula, n'kupisa chala chopanda kanthu m'matopemo, n'kupeza kuti alimba ngati phala logona. Thupi linawachita tsemwe monga kale, pakuti mantha a zaka zambiri sachoka ngati mlendo wa tsiku limodzi. Koma chalacho sanachichotse mpaka atamva bwino. Anathirako timadzi, n'kutseka. Magetsi akazima, ankakagwedeza ndi manja kuti matope asagone pansi n'kuumira pa timiyala. Nthawi yotsuka itakwana, anakakhuthulira m'kadzenje kuseri kwa khola.

Timiyala tinatuluka titachepa, tina titasweka, ndipo sitinawale ngati ta pa chithunzi cha pa katoni. Koma tinali tosalala ngati dzira, topanda pobaya paliponse. Nankhoma ankatigubuduza m'chikhatho akakhala padzuwa. Patapita miyezi zala ziwiri zinayamba kutambasuka pang'ono. Zinazo sizinadzuke, ndipo kusamba okha sanathenso mpaka lero. Amawasambitsa ndi a Ngozo, m'mawa uliwonse dzuwa likafunda, ndipo oyandikana nawo anazolowera kumva nkhalamba ziwiri zikukangana za sopo kuseri kwa mpanda.

Ambiri a ife timapempha kwa Mulungu monga anapemphera a Ngozo ku Nzama, ndi mtima woona ndi misozi yeniyeni. Timapempha ukwati, ana, moyo wa odwala athu. Koma yankho likafika litavala zovala zake za ntchito, timafuna kulandira mphatso n'kubweza chokulungira chake. Iye amene anaumba munthu ndi dothi sananyansidwe nalo, ndipo pofuna kutsegula maso a wakhungu sanatume madzi a m'botolo, anakanda thope ndi manja ake. A Ngozo anataya mchenga, anaumitsa paipi, anagwetsa mkazi wawo, asanazindikire kuti chimene ankachitsuka m'mawa uliwonse chinali mbali ya chimene anagwadira. Makolo athu, amene ankalima mapiri omwewa, anaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake anatisiyira mawu akuti: walira mvula walira matope.